Kompuresa Yatsopano m'Boti la a Kaputeni

Mkazi wa Chisanu, bambo amene tinali titamutsekera, anali atakhala kale pa benchi la panja pa ofesi yanga pamene ndinkafika, thumba la zovala za mwamuna wake lili pamiyendo. Sanandipatse moni. Anangondiyang'ana momwe anthu amayang'anira wapolisi amene wawatsekera munthu wawo, ndipo ine, ngakhale ndakalambira pa ntchito imeneyi, maso oterowo sindinawazolowerebe.

"A Sajeni," anatero nditagwira chitseko, "mwamuna wanga amanama pa zinthu zambiri, ine ndikumudziwa. Koma munthu sanaphe."

Ndinamuuza kuti ndamva, poti panalibe china choti ndimuuze.

Nkhani yake inali yotere. Kunali bambo ena achikulire, dokotala wa mano wopuma pa ntchito, amene anagula boti la matanga n'kumakhala m'menemo kuposa kunyumba kwawo. Kudoko onse ankawatcha a Kaputeni, ngakhale sitima sanayendetsepo. Anali ndi matenda a shuga, aja ofuna jakisoni tsiku ndi tsiku, ndipo mankhwala awo, insulini, ankasunga m'firiji ya m'botimo. Firijiyo inali itatopa kalekale. Choncho asananyamuke ulendo wautali wapamadzi ndi mwana wawo wamwamuna, anaitana Chisanu, wokonza mafiriji, kuti achotse kompuresa yakale aike yatsopano. Kompuresa ndi kachitsulo kakuda kaja kamene kamang'ung'udza kuseri kwa firiji iliyonse. Ndiko kamapopa gasi woziziritsa, ndipo kakafa firiji imasanduka kabati.

Ananyamuka awiriwiri, bambo ndi mwana. Ali kutali, mtunda usakuoneka, a Kaputeni anayamba ludzu losatha, kenako kusanza. Anadzibaya jakisoni, osathandiza. Anawonjezera, osathandizabe. Pamene boti lopulumutsa anthu linkawakokera kudoko anali asakudziwanso kanthu, ndipo anakatsirizikira kuchipatala. Madokotala anati mankhwala amene ankabayawo anali akufa, osasiyana ndi madzi.

Maliro atangotha, mwana uja anabwera kupolisi atavala taye. Anati firiji inasiya kuziziritsa ali pakati pa madzi, chifukwa Chisanu anaikamo kompuresa yakale yongopenta. Anatinso iye m'botimo sanapondemonso chichokere tsiku lomwe anawakoka, mtima sukumulola. Bwana wanga, amene khosi lake limafewa akangoona taye, analamula kuti Chisanu agwidwe tsiku lomwelo, nkhani n'kundiponyera ine. Mlandu wa imfa ya munthu si wa chindapusa. Khothi likanaukhulupirira, mkazi wa pa benchi uja akanakalamba akudikira.

* * *

Chisanu ndi munthu wamfupi, wa manja a zipsera za moto wowotcherera, ndipo amati pakamwa pake sipauma. Tsiku limenelo m'chitolokosi anali atafota ngati tomato wotsala pamsika.

"Unaikamo kompuresa yanji m'boti muja?" ndinamufunsa.

"Yatsopano, mayi. Ya m'katoni. A Kaputeni anaitanitsa okha, katoniyo tinang'ambira limodzi."

"Ndamva kuti umapenta zakale."

Anakanda m'mutu. "Aa, zimenezo ndi za m'magolosale, mayi. Munthu akakana kugula yatsopano ndiye ine nditani? Ndimaitsuka, ndimaipenta, imalira. Koma firiji ya mankhwala a munthu? Ine mayi anga anapita ndi shuga yemweyu."

"Ndiuze mmene unagwirira."

"Malo ake ndi opanikiza, pansi pa mpando wogonapo. Umagwira utagona chammbali, nkhope ili pa thabwa. Ndinadula mapaipi, yakale ndinatulutsa, yatsopano ndinamanga, kuwotcherera, kukoka mpweya wonse m'mapaipimo, kenako kuthira gasi. Tiyi tisanamalize, chitsulo chozizira cha m'kati mwa firiji chinali chitayera ndi ayezi. A Kaputeni anaikapo chala, chinamata. Anaseka mpaka misozi, amvekere, 'Iwe, ndiye kuti zaka zonsezi ndakhala ndikusunga mankhwala m'kabati.'"

Atanena zimenezo anakhala chete mwadzidzidzi, maso pansi, ngati waponda kanthu. Ndinaona, koma sindinamufunse pomwepo. Ndimadziwa kuti munthu wolongolola akatseka pakamwa, pamenepo pali nkhani, koma ukamukoka msanga amakupatsa ina.

"Nanga lero yafunda bwanji?"

"Gasi akathawa imafunda. Koma wanga sathawa yekha." Anasendera pafupi. "Pa kompuresa pali kavalavu kothirira gasi, ngati ka tayala la njinga, kali ndi kachitsekerero. Ine ndikamaliza ntchito ndimapakapo penti wa zikhadabo wa mkazi wanga, wofiira, kuzungulira pakhosi pa kachitsekereroko. Anthu amakonda kugwiragwira kenako n'kumati Chisanu wawononga, ndiye ndinaphunzira. Mkazi wanga amandikalipira kuti ndikumuthera penti. Pitani mukaone, mayi. Mukapeza pentiyo ali wosasweka, musavutikenso ndi khothi, mungonditsekera mpaka ndife."

* * *

Ndinapita kudoko ndi konsitebulo wanga, amene timamutcha Mtali. Maboti anali ndandanda m'mbali mwa mlatho wa matabwa, zingwe zikugunda milongoti ngati masupuni m'beseni. La a Kaputeni linali loyera, matanga atakulungidwa bwinobwino. Nditangokweza phazi kuti ndilowe, mawu anachokera pansi pa boti loyandikana nalo, lomwe linali litakwezedwa kunja kwa madzi.

"Nsapato."

Anali mayi wonenepa, wa ovolosi ya penti mitundu yonse, atagwira chitsulo chopalira. Ntchito yake ndi kupala ndi kupenta maboti, ndipo kudoko amamutcha Mayi Dzimbiri.

"Ndife apolisi," anatero Mtali.

"Kaya ndinu angelo. M'boti la a Kaputeni simulowa nsapato. Ngakhale abusa anabwera kudzalipempherera anavula. Pamwambapo amapala ndine, mukandidindira zidendene zanuzo mudzapenta ndinu?"

Mtima unandipsa, poti sindikonda kulamulidwa ndi munthu wogwira chitsulo. Komabe ndinavula, Mtali nayenso, ndipo masokosi ake obooka anaona dzuwa. Nsapato zathu zinatsala pa mlathopo, zitayang'ana boti.

M'kati munali mopanikiza koma mwaudongo. Kakhitchini kake kanali ka munthu mmodzi, makapu atakolekedwa aliyense pa msomali wake. Firiji ya m'boti si yoima ngati ya m'nyumba. Ndi bokosi lolowa pansi pa thabwa lodulirapo zinthu, chivundikiro chili pamwamba, ukafuna kanthu umapisa mkono ngati m'mgolo. Ndinatsegula. Munali mofunda, fungo la chinyontho. Kukhoma lakumbuyo kunali chitsulo chozizira chija, chophwatalala ngati thireyi, ndipo pakati pa icho ndi khoma panali kampata kolowa dzanja. Pa kona ya chitsulocho panakola timaulusi tofiira ta ubweya, tothothoka ngati munthu anachita kukoka mwamphamvu. Ndinatiika m'kapepala.

Kenako ndinapisa mkono mpaka pansi, zala zanga zinalowa m'madzi.

"Mtali, firiji yomwe sinazizire, madzi awa ingawatenge kuti?"

"Mwina anatayira, bwana."

"Mulibe botolo, mulibe kapu. Awa ndi ayezi wosungunuka. Ndipo ndi wambiri."

Mtali anagona chammbali pansi pa mpando, miyendo yake itatulukira mpaka pa masitepe, tochi ili pakamwa. Kompuresa inali yatsopano ndithu, pepala la kufakitale likuwala, mabawuti opanda dzimbiri. Anandiitana kuti ndione ndekha, ndipo mawondo anga sanandithokoze. Kachitsekerero ka valavu kanalipo, koma mzere wofiira wa penti wa zikhadabo unali utaduka pakati, chidutswa chapamwamba chitayang'ana kwina. Pa thabwa loyang'anizana ndi valavuyo panali timadontho ta mafuta, towazika ngati munthu wayetsemulira.

"Wina anatsegula, n'kukanikiza kamsomali ka m'katimo mpaka gasi yense atatha," anatero Mtali tochi ili m'manja. "Kenako n'kutsekanso."

"Funso n'lakuti liti," ndinatero. "Ali pamadzi, kapena atabwerako."

Titatuluka tinapeza Mayi Dzimbiri akutidikira pafupi ndi nsapato zathu, ngati akuzilondera.

"Botili atalikoka, ndani analimanga?" ndinawafunsa.

"Ine, nanga ndani? Onse anathamangira ambulasi. Ndinamanga, ndinalumikiza chingwe cha magetsi a pamtunda monga a Kaputeni ankafunira nthawi zonse."

"Firiji inalira?"

Anayang'ana kumbali, n'kupukuta chitsulo chawo pa ovolosi. "Mukandimanga chifukwa cha botolo la madzi?"

"Botolo lanji?"

"Langa. Kunatentha tsiku limenelo. A Kaputeni ankandilola kuikamo madzi anga akumwa, ndiye ndinati olo adwale sangakane. Ndinaika masana. Poweruka ndikukatenga, madzi asanduka mwala, botolo lafufuma. Ndinati koma Chisanu uyu safuna timwe madzi."

Ndiye kuti firiji imene mwana wa a Kaputeni anati inafera pakati pa madzi inali ikuundanitsa mabotolo padoko, bambo ake ali kuchipatala. Ndinamva kutentha kumaso.

"Munaona china m'firijimo?"

"Zakudya zochepa. Ndi kathumba kofiira kaja koluka, ka mankhwala awo. Kanali malo ake akale, kuseri kwa chitsulo, kali mbuu ndi ayezi. Sindinakakhudze, za mankhwala a anthu ine ayi."

"Pambuyo pake analowamo ndani?"

"Nkhope sindinaione, ndisakunamizeni. Unali mmawa wotsatira uthenga wa maliro. Ndinali pansi pa boti ili ndikupala, ndiye ndinamva psiii, ngati tayala likuphwa, kwa nthawi ndithu. Nditasuzumira ndinaona nsapato pa mlatho, pomwe pali zanuzi. Zachimuna, zofiirira, yakumanzere yopondedwa kumbuyo ngati patapata." Anandiyang'ana. "Wakuba savula nsapato, mayi. Ameneyo anaphunzitsidwa ndi a Kaputeni."

* * *

Tili m'galimoto ndinaimbira dokotala amene anawalandira a Kaputeni kuchipatala, mtsikana wolankhula mwachangu ngati akuthamangitsidwa.

"Ine ndinati mankhwalawo anali akufa," anatero. "Sindinanene kuti anafa ndi kutentha. Zimenezo ananena ndi mwana wawo, ine ndinangogwedeza mutu, panali odwala ena. Kunena zoona, insulini ikafunda masiku ochepa simafa msanga choncho. Chimene imadana nacho kwambiri ndi kuundana. Ikaundana, olo isungunukenso, imaoneka bwinobwino koma musaidalire."

Ndinauza Mtali kuti akhotere kupolisi.

Chisanu atandiona anaimirira. Ndinaika kapepala ka timaulusi tofiira patebulo, ndipo nkhope yake inagwa.

"Penti wako ndi wosweka," ndinatero. "Pamenepo wanena zoona. Tsopano undiuze zimene unameza mmawa uja."

Anakhala pansi pang'onopang'ono. "Firiji yakale ija inali yofooka, mayi. Malo ozizira anali amodzi okha, kuseri kwa chitsuloko. Ndiye zaka zonsezi mankhwala ankawapanikiza kumeneko. Tsiku lomwe ndinkamaliza ndinakumbukira ndikulongedza zida. A Kaputeni anali atapita kukagula zingwe. Panali mwana wawo, ali pa foni. Ndinamuuza kuti, achimwene, iyi si ija, mankhwala asamayandikirenso chitsulochi, aziikidwa m'kabasiketi kapamwamba, akaundana atha ntchito."

"Anayankha chiyani?"

"Anakweza chala chachikulu, foni ili kukhutu."

"Iwe n'kunyamula zida zako, n'kumapita."

"Ndinali ndi ntchito ina, mayi."

"Nkhani ya moyo wa munthu unaisiya m'manja mwa munthu amene ali pa foni." Mawu anga anakwera, mpaka Mtali anasuzumira pakhomo. "Nanga chikugwirire bwanji sunanene?"

"Ndinene kuti firiji yanga inaundanitsa mankhwala? Si ndiye ndadzimanga ndekha?" Anapukuta m'maso ndi kumbuyo kwa dzanja. "Komanso amene amalongedza mankhwalawo si a Kaputeni, si mwana wawo. Ndi amayi aja, akazi awo. Paulendo uliwonse amabwera okha kudoko ndi kathumbako. Tsiku lomwe ndinkagwira ntchito anandibweretsera tiyi m'fulasiki, anandifunsa za ana anga. Ndiye ine nditsegule pakamwa kuti amve kuti ndi manja awo?"

Ndinatuluka. Panja mkazi wake anali adakali pa benchi, ndipo ndinadutsa mofulumira ngati ndaiwala kanthu m'galimoto.

* * *

Kunyumba kwa a Kaputeni kunali zii, mipando ya alendo itasanjikizidwa pakhonde. Anatitsegulira mwana uja. Ndi bambo wamkulu ndithu, wogulitsa magalimoto, wa ana ake awiri, koma pa nyumba imeneyo anali mwana basi. Taye analibe. Kumapazi anali atapisa nsapato zofiirira, yakumanzere yopondedwa kumbuyo. Mtali anandiyang'ana, ine ndinayang'ana kudenga.

"Amayi akupuma," anatero. "Tikhale m'chipinda cha bambo."

Chipindacho chinali chodzaza mapu a panyanja, zingwe zomangidwa mfundo zosiyanasiyana, ndi mpando wakale wa odwala mano umene a Kaputeni anakana kugulitsa. Sanakhalepo aliyense.

"Munati m'boti simunapondemonso," ndinayamba.

"N'zoona. Ndinali kuchipatala, kenako za maliro. Aliyense angakuuzeni."

"Mmawa wotsatira imfa ya bambo munali kuti?"

"Ndinapita kukaona za bokosi la maliro."

"Ndi ndani?"

"Ndekha."

"Munatinso firiji inafa muli pamadzi. Koma tsiku lomwe munakokedwa inaundanitsa botolo la madzi padoko. Mboni ilipo."

"Mayi wopenta uja? Ameneyo amamwa."

"Mwina. Koma nsapato zanuzo sizimwa, ndipo zinaoneka pa mlatho mmawa umenewo, gasi akuphwa m'boti."

Anayang'ana kumapazi kwake. Anakhala akuziyang'ana nthawi yaitali, kenako anaseka kaseko kopanda chimwemwe. "Ndinavula," anatero motsitsa. "Sindikukumbuka n'komwe kuti ndinavula. Ndili mwana ankandibweza pa masitepe ndikalowa nazo."

Anakhala pa mpando wa odwala mano uja, manja lende. Anati mawu a Chisanu anawamva ndithu, koma anali pa foni ndi kasitomala, ndipo atadula foni anatuluka nawo m'mutu. Pamadzi bambo ake ankazimitsa firiji nthawi yogona kuopa kutha batire, chizolowezi cha firiji yakale, ndiye mmawa potenga mankhwala zonse zinkakhala zitasungunuka. Palibe anaona kanthu. Iye ankawagwirira dzanja pobaya, likunjenjemera, n'kumawauza kuti awonjezere.

"Mmawa umenewo ndinapita kukatenga magalasi awo ndi wotchi, amayi ankazifuna. Nditatsegula firiji ndinaona kathumba kaja katamata kuchitsulo. Ndinakoka, kakukana. Ndinakoka mpaka kanathothoka. M'kati mabotolo a mankhwala ali gwa ngati miyala. Pamenepo mawu a Chisanu anabwerera onse, ngati akulankhulira kukhutu kwanga."

"Ndiye munaganiza zoti munthu wina akawolere kundende."

"Sindinaganize za ndende. Ndinkangofuna kuti ikhale firiji. Firiji yafa, basi, palibe wolakwa. Koma achibale anayamba kufunsa kuti anakonza ndani, amalume akuti kanene kupolisi, ndiye..." Anatambasula manja.

"Ndiye munavala taye," ndinatero. Ndinali nditakwiya kwambiri, koma chisoni chinalinso pomwepo, ndipo zimenezo zinandikwiyitsa koposa. "Munthu uja ali ndi mkazi amene akugona pa benchi langa."

"Mutulutseni. Ndilemba chilichonse mukufuna." Anasendera kutsogolo, mawu akunong'ona. "Koma chinthu chimodzi, a Sajeni, ndapota nanu. Mulembe kuti kathumbako ndinaika ndine. Amayi sakudziwa kanthu. Akhala ndi bambo kuyambira ali mtsikana, jakisoni woyamba anawabaya ndi iwo. Akamva kuti anaika ndi manja awo, ndiika maliro awiri."

Bodza limenelo silikanapweteka Chisanu, akanatulukabe. Koma Chisanu yemweyo akanafunsidwa kukhothi, Mayi Dzimbiri nawonso, ndipo doko lonse limadziwa amene amalongedza mankhwala a Kaputeni. Komanso ine bodza lolemba ndi dzanja langa sindinalizolowere. Ndinali ndikusakasaka mawu pamene chitseko chinakankhidwa ndi chigongono.

Anali amayi aja, aafupi, a imvi, atanyamula thireyi ya tiyi. Anaika patebulo mosamala, pamwamba pa mapu. Maso awo anagwera pa kapepala kamene ndinali nditatsegula, ndipo anatola kaulusi kamodzi n'kukayang'ana chakuwindo.

"Uwu ndi ulusi wanga," anatero. "Kathumba ka bambo ako kali kuti, iwe? Ndakufunsa kangapo, umangoti kali m'boti."

"Amayi, kapumeni. Tikukamba za ntchito."

"Makoma a nyumba ino ndi a mapepala, unabadwira muno ukudziwa." Anatembenukira kwa ine. "Mwana wanga, sindinamve zonse. Ndamva zoti mabotolo anali gwa. Tandiuzeni, amayenera kuikidwa pati?"

Mwana wawo anandiyang'ana, maso akupempha. Ndakhalapo pamaso pa anthu a zikwanje, koma mantha a tsiku limenelo anali ena. Ndinaona kuti amayiwo yankho anali nalo kale, ankangofuna munthu woti asawanamize.

"M'kabasiketi kapamwamba, amayi," ndinatero. "Kompuresa yatsopano ndi yamphamvu. Kuseri kwa chitsulo kumaundanitsa. Wokonza uja ananena, koma uthenga sunakufikeni."

"Sunandifike," anabwereza. Anayang'ana mwana wawo, amene tsopano anali atabisa nkhope m'manja. Sanamukalipire. Anakhala pa mpando wapafupi, kaulusi kaja akukapota pa chala.

"Ndiye wokonza uja, wa ana atatu uja, ali m'chitolokosi chifukwa cha zimenezi?"

"Eya, amayi."

"Kamutulutseni lero, mwana wa eni. Iwe, dzuka, upite nawo ukanene zonse mmene zinalili. Za ine usasinthe ngakhale pang'ono."

"Amayi, wolakwa ndine, inu simunadziwe."

"Ndamva," anatero. "Dzuka."

Mtali anatuluka naye. Ine ndinatsalira pang'ono, ndikunamizira kupinda kapepala kaja, poti sindinkafuna kuwasiya okha. Anathira tiyi m'kapu imodzi n'kundikankhira, dzanja lawo silinanjenjemere n'komwe. Ndinaganiza kuti mwina alimba, mwina mwana wawo anawachepetsa.

"Tsiku lonyamuka lija," anatero akuyang'ana mapu, "bambo ake anali pamwamba akumasula zingwe, akundiitana kuti ndituluke ndiwachedwetsa. Ndinaika kathumbako, ndinatseka, ndinakwera masitepe. Ndili pamwamba mtima unandiuza kuti sindinaike bwino. Ndinabwereranso." Anakweza zala ziwiri n'kukankha mpweya pang'ono. "Ndinakakanikiza chonchi, kuti kakhudze chitsulo bwinobwino. Ndinkaopa kuti mankhwala angawafundire."

Ndinamwa tiyiyo yense. Madzulo asanakwane ndinamutulutsa Chisanu. Mkazi wake anaimirira pa benchi paja n'kumupatsa thumba la zovala, ndipo Chisanu anandifunsa ngati amayi aja amva. Nditamuuza kuti amva, anakhala pansi pa benchi lomwelo, ndipo mkazi wake anachita kumudzutsa kuti azipita.